Jali pa Geti la Sukulu

Alhaji Nfamara Touray ndi munthu wa mawu aakulu. Tsiku limene anabwera pasukulu pathu kuno ku Brikama ndi anzake a bungwe la amalonda, anakankhira kumbali chokuzira mawu, n'kuima kutsogolo kwa holo atavala mkanjo woyera mbee.

"Ife tatopa," anatero akumenya tebulo. "Mwana akubwera ndi satifiketi yokongola, koma umuuze kuti alembe lipoti la ntchito imene wagwira lero, thukuta kamukamu. Umufunse kuti kodi iwe umatha chiyani, iye maso ali pazala zakuphazi, akuyankha ndi amalume ake amene amuperekeza atanyamula mtedza wa kola m'thumba. Kodi ine ndikufuna kulemba ntchito amalume? Aphunzitsi, tipatseni ana oti akapita ku koleji asakabwezedwe, akabwera kwa ife tisayambirenso kuwaphunzitsa a, e, i, o, u."

Tinaomba m'manja. Ine ndiye ndinaomba mpaka zikhato kutentha, chifukwa zimenezi n'zimene ndinkalira nthawi zonse m'chipinda cha aphunzitsi, anzanga akundiseka kuti ndimalota masana.

Ndipo tisawanamizire anthu aja, sanangotisiyira mawu okha. Anabweretsa makompyuta. Lachinayi lililonse ankatumiza antchito awo, wina wa zamagetsi, wina wa kubanki, kudzaonetsa ana mmene ntchito imayendera kunjaku. Anakhala pansi ndi a Gomez, mphunzitsi wathu wamkulu, n'kugwirizana muyezo woti mwana aliyense wa kalasi yomaliza azifikapo: azitha kulemba lipoti lomveka, kugwiritsa ntchito masamu pa chinthu chenicheni, kugwira ntchito ndi anzake, ndi kudzilankhulira yekha pamaso pa anthu. Pamwamba pake anaikapo nyambo. Chaka chilichonse mwana mmodzi wopambana azimulipirira koleji, ndipo patchuthi azigwira ntchito kukampani ya Alhaji yoika mapampu a madzi oyendera dzuwa. Lamulo lalikulu linali limodzi, ndipo Alhaji analibwereza mpaka tinaliloweza: mwana aime yekha. Wina aliyense akamulankhulira, kaya ndi malume, kaya ndi imamu, mwanayo wagwa pomwepo.

Gawo lophunzitsa ana kudzilankhulira a Gomez anandipatsa ine.

"Inu a Kanuteh, zolankhulazi n'zakumtundu," anatero akuseka.

Nanenso ndinaseka, koma mawuwo anandilasa. Dzina langa ndine Tida Kanuteh, ndimaphunzitsa Chingelezi, ndipo aliyense kuno akangomva kuti Kanuteh amadziwiratu kuti ndife ajali. Banja lathu ndi ajali a banja la a Manneh kuyambira makolo. Kwa a Manneh kukabadwa mwana, kukakhala ukwati, kukagwa maliro, oima pabwalo n'kumatchula mayina a makolo awo ndi zimene anachita ndife. Munthu wa kwa Manneh sakweza mawu, sadzitama, sapempha. Pakamwa pake ndi jali wake. Mayi anga, a Wuday, ntchito imeneyi amainyadira koopsa. Ine ndinalimbikira sukulu dala kuti ndisadzaime pakhomo pa munthu ndikukuwa, dzanja nditatambasula.

Ndiye taonani tsoka lake: mwana wanzeru kuposa onse m'kalasi yomaliza chaka chimenecho anali Jankey Manneh, mwana wa Pa Kekoto, omwewo amene mayi anga amawaimbira. Kudimba la amayi a m'dera lawo pampu inkangofa. Amisiri abwere, aikonze, asanafike n'komwe kwawo yafanso. Jankey anakakamira pachitsime paja mpaka anapeza kuti mchenga ndi umene ukuitseka. Anapanga sefa ndi ndowa yakale, timiyala ndi chidutswa cha ukonde wa asodzi. Anayeza madzi otuluka sefa isanaikidwe ndiponso itaikidwa, n'kulemba lipoti loti mphunzitsi wa sayansi anachita kuyenda nalo m'makalasi kuonetsa ena. Anyezi ndi tomato wa amayi aja anapulumuka.

Koma kuti anene ndi pakamwa pake, mayo ine!

"Jankey, unachita chiyani kudimba?"

"Pampu inakonzeka, Madamu."

"Inakonzeka yokha? Inangodzuka m'mawa n'kunena kuti lero ndachira?"

Anzake anafa nazo ziseko.

"Mulungu anathandiza, Madamu."

"Eya, anathandiza, koma ndowa anaboola ndani? Nena kuti ndinapanga ine."

"Ndinganene bwanji zimenezo, Madamu? Kunyumba angati ndayamba matama. Ababa amati wodzitamanda yekha ndiye kuti alibe womutamanda."

Ine ndili ndi mtima wapachala, sindibisa. Ndinamukalipira mwana ameneyu, ndinamunyengerera, ndinamuimika kuseri kwa kalasi kuti azilankhula ndi mtengo wa mango mpaka azolowere mawu ake omwe. Ndinkadziwa chimene chinkamudikira. Dzina la Pa Kekoto ndi lalikulu, koma denga la nyumba yawo limadontha. Bambo akewo anali atanena kale kuti za sukulu zathera pomwepa, ndipo Jankey akapanda kutenga malo a ku koleji amenewa apita kwa azakhali ake ku Farafenni, kumene bambo wina wa shopu, wa akazi awiri kale, ankamufunsira ukwati. Jankey nayenso ankadziwa. Pang'onopang'ono mawu akuti ndinapanga ine anayamba kutuluka, ngakhale ankatuluka ngati akulavula singano.

Tsiku la mafunso linafika. Amalonda anayi analowa m'chipinda cha makompyuta, ana atandanda pakhonde, mayunifolomu osita bwino. Ine ndinali pakhomo kuitana mayina. Jankey anali atatsala pang'ono kulowa pamene ndinamva kachitsulo kakulira cha kugeti: ngwe, ngwe, ngwe. Kachitsulo kameneko, kamene mayi anga amamenya akamaimba, ndingakazindikire ngakhale nditagona tulo tofa nato. Kenaka mawu anatsatira.

"Manneh! Manneh! Mwana wa anthu amene sanaonetsepo msana kunkhondo! Jankey, mdzukulu wa okwera akavalo, pita patsogolo, njira ndi yako!"

Mayi anga anali akulowa pageti atavala mkanjo wawo wabuluu wa m'maukwati, duku lalikulu ngati lichero. Pambuyo pawo panali Pa Kekoto atavala chovala chawo cha Lachisanu, akuyenda pang'onopang'ono, chibwano m'mwamba. Ana a makalasi ena anakhamukira komweko, mafoni ali m'mwamba. Wina anakuwa kuti, "Ndi mayi awo a Madamu Kanuteh!" Jankey anangogwira pakamwa.

A Gomez anandikoka malaya. "A Kanuteh, amenewa akangofika pakhonde pano, mwanayu watha. Chitanipo kanthu msanga."

Ndinathamanga n'kukawatsekera njira pakati pa bwalo.

"Amayi, mukudzatani kuno?"

"Ndikudzatani? Mwana wa Manneh akukaima pamaso pa akuluakulu, ndiye akaime ngati wamasiye? Ndamva kuti akufuna kudziwa kuti iyeyu ndani. Wodziwa zimenezo ndine. Choka iwe, ndidutse."

"Akufuna kumva kwa mwini wake."

"Adzitchule yekha? Asa! Ndiwe ukuphunzitsa ana a eni zopanda mwambo zoterozo? Pa Kekoto, mwamva zimene amaphunzira kuno?" Anamenyanso kachitsulo. "Manneh!"

Mawindo a chipinda cha mafunso anali otsekula. Mnyamata wina kumbuyo kwanga anayamba kuwatsanzira mayi anga ndi mawu aang'ono, anzake n'kumaseka. Manyazi ndi mantha zinandikwera kumutu limodzi. Ndinawatsomphola kachitsulo m'manja n'kuitana a Baldeh, alonda athu, kuti awatulutse.

A Baldeh anabweza manja kumbuyo. "Madamu, ine jali sindimugwira. Ndiponso mako ndi mako. Kotsalako mukukudziwa."

Ndiye ndinawagwira ndekha pamkono, n'kuwatembenuza.

"Pano si paukwati," ndinatero mokweza, ana onse akumva. "Pano ndi pasukulu. Sitipemphetsa pano."

Chibadwire ndinali ndisanawaonepo mayi anga atasowa chonena pagulu. Anayang'ana dzanja langa pamkono pawo, anandiyang'ana kumaso, n'kuyamba kuyenda okha kulowera kugeti. Pa Kekoto anatsala pang'ono. Iwo sakweza mawu, ndiye ndinachita kuwerama kuti ndimve.

"Tida, tsiku lokupatsa dzina, nkhosa inachokera m'khola langa."

Anatsatira jali wawo. Geti ndinatseka ndekha, kachitsulo ndinaponya m'chikwama, n'kubwerera pakhonde kukaitana dzina lotsatira.

Jankey analowa. Ine ndinaima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Poyamba mawu ake anali ngati a udzudzu, mpaka Madamu Haddy Faal, mwini hotela ya kugombe, anati, "Kweza mawu mwanawe, muno mulibe akugona." Mwana uja anakweza mawu.

"Ndine Jankey Manneh. Ndinapeza chimene chinkapha pampu ya kudimba kwathu, ndipo ndinaikonza ine."

Abale, analankhula mwana ameneyu. Madamu Faal ndi bambo wina wa kubanki anamupanikiza ndi mafunso. Sefa ikadzaza matope zimatha bwanji? Iwe ukapita ku koleji azitsuka ndani? Chinakukanika n'chiyani? Iye anayankha kuti anaphunzitsa kale amayi awiri kutsuka, ndipo sanabise kuti ndowa yoyamba inang'ambika chifukwa anaboola mabowo moyandikana kwambiri. Madamu Faal anamwetulira. Alhaji anali ndi mafoni awiri, ndipo ankalira mosinthana chifukwa katundu wake anali atatsekeredwa kudoko ku Banjul. Ankangogwedeza mutu akuti, "Eya, eya, zabwino zimenezo," ndipo pakati penipeni anatuluka kukakalipira munthu wina pakhonde.

Ana onse atatha, a Gomez anandinong'oneza kuti atsala awiri: Jankey, ndi Saikou Bojang, mnyamata amene anapanga bokosi loswetsa mazira a nkhuku ndi mphamvu ya dzuwa.

"Alhaji akuoneka kuti wakonda za mazirazi," anatero. "Alengeza tikatha kudya."

Chakudya chinali m'holo, mpunga wa benachin wa nsomba ndi chakumwa chozizira cha wonjo, alendo patebulo lapamwamba, ana a kalasi yomaliza m'munsi. Alhaji anali atadya theka pamene anatukula supuni.

"A Gomez, m'mawa muja ndinamva ngati kachitsulo ka jali. Kapena makutu angawa akalamba?"

"Analipo, Alhaji, koma tinawabweza. Lamulo lanu lija."

"Mwabweza jali? Pageti?" Anaika supuni pansi. "Aa, a Gomez! Mukufuna atiike m'nyimbo Brikama yonse itiseke? Lamulo lija ndi la m'chipinda muja. Pano tikudya. Mpunga wabwino chonchi tiudye chete ngati pamaliro? Kawaitaneni."

A Gomez anatembenukira kwa ine. Tebulo lonse linatembenukira kwa ine. Magazi anawira. Ndinafuna kufunsa kuti kodi si inu munamenya tebulo lomweli n'kunena kuti mwatopa? Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo dzina linali lisanalengezedwe. Ndinaganiza za Farafenni ndi bambo wa shopu uja. Ndinapukuta m'manja n'kuimirira.

Anali asanachoke. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa nimu kunja kwa geti, pafupi ndi mayi wogulitsa buledi wa tapalapa ndi nyemba. Mayi anga anali atavula nsapato, mapazi atatupa ndi dzuwa. Pa Kekoto anali pabenchi akuyendetsa mikanda yawo ya mapemphero.

"Amayi."

"Aphunzitsi," anayankha osandiyang'ana. "Mwaswera bwanji? Kapena mtengowunso ndi wa sukulu, tisunthe?"

"Alhaji akukuitanani."

"Akuitana ndani?"

"Inuyo. Akufuna mukaimbe."

"Aa! Kusukulu kwayamba ukwati?" anatero mayi anga. Mayi wa tapalapa anaphulika nako kuseka n'kubisa nkhope m'nsalu. "Lankhulani momveka, aphunzitsi, inu ophunzitsa anthu kulankhula. Akufuna wopemphetsa uja?"

Ndinagwada pafumbi ndi siketi yanga yabwino. Kumpanda kunali ana akusuzumira, ndinkawaona ndithu, ndipo nkhope yanga inkatentha ngati ndaiyandikitsa pambaula.

"Amayi, sanalengeze. Atsala ana awiri. Bambo ameneyu akakhumudwa, Jankey ataya malo."

"Ine si wailesi yoti wina atseke, wina atsekule. Ndine jali wa a Manneh. Mukandifuna, pemphani kwa eni ake."

Ndinakwawa ndi mawondo omwewo kutembenukira kwa Pa Kekoto. Anasiya mikanda.

"Mwana walankhula?"

"Walankhula bwino kwambiri, Pa."

"Wadzitama?"

"Wanena zimene anachita."

"Ndi pakamwa pake, pamaso pa alendo."

"Inde, Pa."

Anatseka maso, ndipo ndinaona kuti akuchita manyazi enieni, ngati ndawauza kuti mwana wawo wagwidwa akuba pamsika. Kenaka anati, "Wuday, pita. Mwana wadzivula kale, asadzivule pachabe."

Mayi anga anavala nsapato mosafulumira, anakonza duku, n'kutambasula dzanja. Ndinatulutsa kachitsulo m'chikwama n'kuwapatsa ndi manja awiri. A Baldeh anatsekula geti lonse, mbali zonse ziwiri, ngati kukulowa galimoto ya nduna.

Anayambira pakhomo la holo. Ngwe, ngwe, ngwe. Masupuni anaima.

"Touray! Touray! Mwana wa anthu a inki ndi mapemphero! Mafumu ankagona tulo chifukwa makolo ako anali maso pamphasa. Iwo ankapempha madzi kumwamba, iwe ukuwatulutsa pansi ndi dzuwa. Nfamara, amene midzi yamwa m'dzanja lake!"

Ndinali nditaiwala. Zaka zonsezi ndikuthawa maukwati ndi miyambo, ndinali nditaiwala kuti mayi anga amaimba motani. Mawu aja anadzaza holo mpaka kumalata, tsitsi linandiimirira, ndipo mnyamata amene ankawatsanzira m'mawa uja anali yasaa kukamwa. Anatchula agogo a Alhaji, mudzi umene anachokera, mayi ake ndi mtsinje umene ankachapako. Alhaji anayamba ndi kumwetulira, kenaka anavula magalasi n'kumapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo. Anaimirira, anapita pakati, n'kuyamba kusomeka ndalama za madalasi paduku la mayi anga. Bambo wa kubanki anatsatira. A Gomez nawonso anapisa m'thumba.

Ndinkati zathera pomwepo. Koma jali satuluka pakhomo asanagwire ntchito imene anabwerera. Mayi anga anatsitsa mawu, n'kuyenda pang'onopang'ono kulowera kumene kunakhala ana.

"Touray, kumbuka. Manneh akamapita kunkhondo, womupempherera anali Touray. Manneh akabwera wamoyo, ng'ombe yoyamba inkapita kwa Touray. Awiriwa sanamanepo madzi. Lero mwana wa Manneh waima pakhomo la Touray. Kodi abwerere ndi ludzu?"

Anaima kumbuyo kwa Jankey n'kumuika dzanja paphewa.

Kalanga ine! Lamulo lija linathyoka pamaso pa sukulu yonse, ndipo wolithyola ndinachita kukamugwadira ndekha. Ndinadikira kuti wina anene kanthu. Palibe ananena. Alhaji anakweza dzanja akuti, "Zoona, jali, zoona!" Madamu Faal okha ndi amene sanaombe m'manja. Anandiyang'ana ine. Jankey anali atauma gwa, maso ali m'mbale. Saikou Bojang, amene anakhala moyang'anana naye, anakankhira mbale yake kutsogolo n'kupinda manja.

Alhaji sanakhalenso pansi. Analankhula za muyezo watsopano, kuti wayamba kubala zipatso, kuti ana a chaka chino amuchititsa chidwi, kuti amalonda ndi sukulu akagwirana manja dziko limapita patsogolo. Kenaka anati, "Wopambana chaka chino ndi mwana wa Manneh. Imirira mwana wanga, anthu akuone. Ameneyu ndi amene wapanga chinthu chija choswetsa mazira."

Madamu Faal anamunong'oneza kanthu.

"Eya, cha madzi, cha madzi," anatero akukupiza dzanja. "N'chimodzimodzi. Magazi sanama."

Anthu anaomba m'manja. Ana ena anaseka, kuseka kwake kosakoma. Saikou anatuluka osayang'ana munthu. A Gomez anandigwira chanza akuti, "Zatiyendera, a Kanuteh," ndipo ndinafuna kuwaluma dzanjalo. Mayi anga anadutsa pafupi nane, nsalu yawo inandikhudza, koma sanatembenuke. Anapita kugeti kukauza Pa Kekoto.

Ndinakumana ndi Madamu Faal pampopi posamba m'manja.

"Munapitiranji kukawatenga?" anandifunsa.

"Ndinaopa kuti Alhaji akhumudwa. Anakonda za mazira."

"Alhaji amakonda chilichonse chimene wachimva pomaliza. Atatufe tinali titasankha kale mtsikanayu mpunga usanafike. Iye akanangolengeza basi, amatero nthawi zonse." Anakutumula madzi m'manja. "Mwanayu anapambana yekha, Madamu. Koma pitani mukauze aliyense muone ngati akhulupirire."

Ndinamupeza Jankey pakhonde ali yekha, ataima pamalo pomwe anadikira m'mawa. Anzake anali kutali, mitu pamodzi pafoni imodzi, ndipo mawu a mayi anga ankamveka pang'ono kuchokera mmenemo. Sanalire. Ndikanakonda akanalira.

"Unapambana wekha," ndinamuuza. "Madamu Faal andiuza. Anakusankha nyimbo isanayambe."

"Zoona, Madamu?"

"Zoonadi. Sindingakunamize."

Anagwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira mwana akamva mphunzitsi akumutonthoza. Ndinali ndikufunafuna mawu ena pamene mtsikana wina wa kalasi yotsatira, amene ndinali nditayamba kale kumuphunzitsa kudzilankhulira, anabwera n'kuima patsogolo pathu. Anapinda mawondo bwinobwino, ndipo sankaseka.

"Madamu, pepani. Chaka chamawa ndi ife. Ndimafuna ndifunsiretu ndikauze ababa. Mayi anu amaimbira a Manneh okha, kapena ifenso angatiperekeze?"